MAU A CINGEREZI ONENA ZA KUPHWANYA ZINTHU

Mwana wa ku Petauke kapena wa ku Nyimba sanganene kuti, "Amai alikuthyola cimanga mumtondo." Atatero anzace angamseke, pakuti cimanga acithyola kumunda, koma mumtondo acisinja. Mbiya ikagwa isweka, cingwe ciduka, nsaru ing'ambika, ndi cipupa ca nyumba yakale cigumuka. Mau onsewa mwana awadziwa asanalowe sukulu.

Koma pophunzira Cingerezi ana ambiri agwira liu limodzi lokha, ndilo "break", nalichula pa cinthu ciri conse. Liu limeneli si loipa ai, koma silinena zonse. Cingerezi naco ciri ndi mau ambiri a kuphwanya. Wofuna kusankha liu loyenera ayambe wadzifunsa mafunso atatu: Cinthuco ncotani? Aciphwanya bwanji? Nanga cotsala nciani?

"Pound" ndiko kusinja, ndiko kumenya cinthu kawirikawiri ndi cina colemera, monga acita munsi mumtondo. Ku Petauke alima nsawa zambiri, ndipo mai wofuna nsinjiro zotendera ndiwo azisinja. Pa Cingerezi anena kuti, "She pounds groundnuts."

"Grind" ndiko kupera kapena kugaya. Pano cinthu cikhuzika pakati pa miyala kapena zitsulo kufikira cisanduka ufa. Mkazi wopera mawere pamphero ndi mnyamata wopita ndi thumba la cimanga kucigayo, onse awiri nchito yao ndi "grind". Liu ili lisokoneza ana, cifukwa ponena za dzulo lisanduka "ground", monga, "He ground the maize." Liu lina la malembo omwewo litanthauza nthaka. Nsawa azicha "groundnuts" cifukwa zibala m'nthaka, si cifukwa ca kuzipera ai.

"Crush" ndiko kuphwanya mwa kupsinja ndi mphamvu. Miyala yaing'ono imene athira pokonza mseu waukuru wa Great East Road, wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, ituruka m'makina ochedwa "crusher". Cimodzimodzi galimoto likaponda nthoci pa msika wa Nyimba, anena kuti, "The bananas were crushed," ngakhale nthoci ndi zofewa. Cacikuru pa liu ili ndi kulemera kwa copsinjaco.

"Crumble" ndiko kunyenyeka. Liu ili liyenera zinthu zouma ndi zosalimba, monga buledi wogona, cibuma ca m'munda m'mwezi wa October, kapena njerwa yosaocha. Zotere sizifuna mphamvu. Zala zokha zizinyenya, ndipo nthawi zina zinyenyeka zokha. Nyenyeswa za buledi azicha "crumbs", koma pochula liu ili "b" samveka.

"Shatter" ndiko kusweka mwadzidzidzi, zidutswa ndi kumwazika ponse ponse. Liyenera zinthu zolimba koma zosapindika, monga galasi la nyali, botolo, kapena mbale yadothi. Nsima singacite "shatter", ngakhale itagwa kucokera pa denga.

"Smash" ndiko kuphwanya mwaukali ndi mwaphokoso, monga acita mbala pa citseko, kapena magalimoto awiri akagundana.

Liripo liu linanso loyenera kulisiyanitsa ndi awa, ndilo "crack". Mphika ukacita mng'alu koma osapatukana, umenewo ndi "cracked". Mwini wace angasungiremo mbeu, koma mphika umene uli "shattered" watsala mapale okha.

Kudziwa mau awa si nchito ya mayeso yokha. Pamene Zambia analandira ufulu m'caka ca 1964, Cingerezi cinakhalabe cinenero ca Boma, ndipo malangizo ambiri a pa mabotolo ndi pa mapaketi alembedwa m'cinenero cimeneci. Pa mankhwala ena a kucipatala palembedwa kuti, "Do not crush," ndiko kuti, "Musaphwanye." Mibulu ina aikuta ndi cikungu kuti mankhwala alowe m'thupi pang'ono pang'ono, kapena kuti asapweteke m'mimba. Munthu akaiphwanya pasupuni pofuna kuthandiza agogo ace kumeza, mphamvu yonse ilowa nthawi imodzi, ndipo wodwalayo angapwetekedwe. Mibulu ina adokotala alola kuiphwanyira mwana wamng'ono. Cifukwa cace mwana wa sukulu amene awerengera makolo ace mau a pa botolo ayenera kuwerenga mosamala, ndipo akakaika afunse anamwino asanapereke mankhwalawo.

MAFUNSO NDI NCHITO

1. Chulani mafunso atatu othandiza posankha liu loyenera.
2. Kodi "pound" asiyana bwanji ndi "grind"?
3. Nsawa azicha "groundnuts" cifukwa ninji?
4. Lembani liu la Cingerezi loyenera pa ciri conse ca izi: galasi la zenera lagwa pa simenti, cikondamoyo couma canyenyeka m'thumba, ngolo yaponda dzungu, cikho cacita mng'alu.
5. Mau akuti "Do not crush" atanthauzanji, ndipo ngofunika cifukwa ninji?
6. Funsani akulu a kumudzi kwanu mau asanu a Cinsenga onena za kuphwanya zinthu, ndipo mulembe liu la Cinyanja ndi la Cingerezi pambali pa liri lonse.