Werengani Zigamba Musanalonjeze Chofunda

Ana anga, inu amene mwayamba kukonda singano ndi ulusi, khalani pansi ndikuuzeni. Ndine wokondwa kuti luso losoka zofunda za zigamba lapeza manja atsopano. Ndimakuonani mukupempha mapisi a zitenje pakhonde la telala, mukuwayala pamphasa, mukusinthasintha mitundu mpaka maso atakhutira. Pitirizani. Koma Disembala wafika, ndipo mwezi uno umagwetsa osoka ambiri. Pakamwa pamathamanga, manja n'kutsalira. Uyu mwamulonjeza chofunda cha Khirisimasi, uyo chikwama, azakhali nsalu ya patebulo. Simunawerenge masiku. Simunawerenge zigamba. Simunawerenge ndalama ya ulusi.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Chofunda cha munthu wamkulu chikhale cha mamita 2 m'litali ndi 1.6 m'lifupi. Mukachisoka m'zigawo za masentimita 20 mbali zonse, pafunika zigawo 80. Ngati chigawo chilichonse chili ndi tizigamba 9, titatu uku titatu uku, monga kasokedwe kotchedwa Nine Patch, ndiye kuti tizigamba tonse ndi 720. Kalikonse n'koyeza, kalikonse n'kodula, kalikonse n'kosoka, ndipo msoko uliwonse ufuna simbi. Apo mwangomaliza nsalu ya pamwamba. Kwatsala ya pakati yosunga kutentha, kwatsala ya pansi, kwatsala kusoka zitatuzo pamodzi kuti zisamaseweresewere, kwatsala mpendero. Ntchito imeneyi si ya masabata awiri. Amene akukuuzani kuti itheka akukunamizani, ngakhale atakhala mtima wanu womwe.

Ine mtima wanga unandinamiza. Mng'ono wanga atakwatiwa ndinamulonjeza chofunda cha Khirisimasi yake yoyamba pabanja. Ndinayamba mvula itagwa kale. Poona kuti nthawi yathawa, ndinadumpha chinthu chimene ndinkachidziwa bwinobwino, kuchapa nsalu ndisanadule. Ndinati ndi mvula imeneyi nsalu siziuma msanga. Ndinalumikiza chitenje chofiira chatsopano ndi nsalu yoyera. Ndinagula ulusi wotchipa. Ndinasoka usiku, pakoloboyi, maso akuyabwa, msana ukuwawa. Tsiku lopereka anthu analulutira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Atangochichapa koyamba, chofiira chija chinachucha n'kulowerera moyera monse. Zigamba zina zinafupika, zina ayi, misoko n'kuyamba kukokana, ulusi n'kuduka. Mng'ono wanga sanandiuze, chifukwa amandilemekeza. Ndinachipeza ndekha nditakacheza, chitaphimba matumba a chimanga m'chipinda. Iye anayang'ana pansi. Inenso ndinayang'ana pansi. Ndinafuna kumupatsa chimwemwe, koma ndinamupatsa ntchito yondibisira manyazi anga.

Fulumira anadya gaga. Chapani nsalu musanadule. Ndabwereza, chapani. Yofiira ndi yabuluu wakuda muziviike pazokha muone ngati madzi asintha mtundu, ndipo musaziphatikize ndi zoyera mpaka madziwo atayera. Nsalu ya thonje ilumikizeni ndi inzake ya thonje. Mukaisakaniza ndi yoterera ya nayiloni, zidzakangana pamadzi ndi pasimbi pomwe. Msoko wanu ukhale umodzimodzi, pafupifupi mamilimita 6 kuchokera m'mphepete, kuyambira kachigamba koyamba mpaka kotsiriza. Musanyoze kachinthu kakang'ono. Mukaphonya ndi mamilimita 2 pa chigawo chilichonse, pofika pa chigawo chakhumi mwasemphana ndi masentimita 2, ndipo ngodya sizikumananso. Pamenepo mudzayamba kukoka nsalu kuti ifike, chofunda n'kupindika. Simbi isakutalikireni. Msoko uliwonse ugonekeni musanasoke wina. Ngati simbi yanu ndi yamakala, puputani kunsi kwake, phulusa lisakulembereni pansalu yoyera.

Za chimanga zija zinali manyazi chabe. Manyazi amatha. Pali china chimene sichinathe.

Mayi anga atakalamba ankadandaula kwambiri za kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Pa chaka chatsopano china ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, chisanu cha chaka chino chikupezani muli m'chofunda cha manja anga." Anaseka mokondwa, nauza anzawo akutchalitchi. Ndinayamba bwino. Ndili pakati ndinaona kasokedwe kena kokongola kwa mnzanga, ndinayamba kameneko. Kenako wina anandipatsa mapisi okoma, ndinayambanso china. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chisanu chinafika, chinapita. Mayi sanandikumbutse. Makolo sakumbutsa, ana anga, amangodikira. Ndinati chaka chamawa. Chaka chamawacho anadwala, ndipo tinawaika m'manda chofunda chawo chili m'katoni, chopanda nsalu ya pakati, chopanda mpendero. Ndinachimaliza pambuyo pake, misozi ikugwera pamakina. Palibe chinthu china chimene ndinasoka bwino kuposa chimenecho. Koma mwini wake sanachifunde ngakhale usiku umodzi.

Kusokera womwalira n'kwaulemu, sindikukana. Mu Okutobala 1987, ku Washington, anthu anayala pabwalo lalikulu nsalu 1,920 zolumikizana, iliyonse ya dzina la munthu amene anamwalira ndi Edzi, ndipo iliyonse kukula kwake kofanana ndi manda. Ntchito imeneyo inayambira ku San Francisco, ndipo inachititsa dziko kuona anthu amene linkawabisa. Ife kuno tataya abale ochuluka ndi matenda omwewo, tikumvetsa chimene chinawagwiritsa singano. Koma ine ndikukuuzani za amoyo. Agogo anu ali moyo lero. Akuzizidwa lero. Ngati pali munthu wachikulire amene mwamulonjeza, ameneyo ndiye woyamba, ndipo musayambe china mpaka mutamufunditsa.

Tsono Khirisimasi ino mutani, pamene masiku atsala ochepa? Chepetsani lonjezo, musachepetse luso. Sokani zazing'ono zimene mungamalize bwino. Chikwama cha Baibulo ndi buku la nyimbo cha azakhali. Kachikwama ka mapensulo ka mwana wasukulu. Pilokesi. Zogwirira mphika za mayi wa panyumba, koma zimenezo zikhale za thonje lokhalokha kunja ndi m'kati, chifukwa nayiloni imasungunuka pamoto n'kumatirira pakhungu. Kachofunda ka khanda kathekanso ngati mwayamba msanga, koma musakaikepo mabatani kapena mikanda, mwana amaika chilichonse m'kamwa. Kanthu kakang'ono kosokedwa bwino kadzagwira ntchito zaka. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno Khirisimasi imabwera ndi kutentha ndi mvula. Chofunda cholemera mungathe kuchipereka mu Meyi, chisanu chili pakhomo, ndipo wolandira adzakuyamikani usiku womwewo.

Ngati mnzanu nayenso amasoka, musavutike kumusokera. Mupatseni zida. Paketi ya singano zabwino, ulusi wolimba, tepi yoyezera, kabotolo ka mafuta a makina. Ngati thumba likulola, sizasi yakuthwa, ndipo mumuuze kuti isadulepo pepala kapena tsitsi, ikhale ya nsalu basi. Ngati thumba silikulola, sankhani mapisi anu okoma, muwachape, muwasite, muwamange bwino. Wosoka amadziwa mtengo wa mphatso yotero.

Ndatchula thumba, ndiye ndinene zolimba. Musakongole chifukwa cha mphatso. Musakongole. Ine ndinatengapo ndalama ku banki m'khonde mu Disembala kuti ndigule zitenje zatsopano, pofuna kuti aliyense pamudzi alandire kanthu kochokera kwa ine. Sindinkafuna kupatsa kokha, ndinkafunanso kutamandidwa. Januwale anabwera monga amabwerera nthawi zonse, ndi fizi, ndi yunifolomu, ndi feteleza wobereketsa. Chimanga changa chinachita chikasu m'munda, ndipo mwana wanga anakhala panyumba anzake atapita kusukulu. Iye sanakongole kanthu, koma ndiye analipira. Zitenje zambiri mwa zimenezo sindinazidule n'komwe.

Luso limeneli silinabadwire m'sitolo. Ku Gee's Bend, mudzi wa pa mtsinje wa Alabama ku America, amayi achikuda, ambiri a iwo zidzukulu za akapolo, ankasoka zofunda ndi mathalauza akutha a kumunda, malaya ong'ambika ndi matumba, chifukwa nyumba zawo zinali zozizira ndipo ndalama analibe. Mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, ndipo mu 2006 zina mwa izo zinasindikizidwa pa masitampa a positi a dzikolo. Ku Bengal amayi amasanja nsalu zawo zakale zovala n'kuzisoka pamodzi ndi timisoko ting'onoting'ono, amati kantha. Onsewa anayamba ndi zimene zinali m'nyumba. Inunso muli nazo. Telala wanu amasesa mapisi tsiku ndi tsiku. Pakaunjika pamapezeka malaya a thonje ndi mashiti a pabedi otsika mtengo. Bulangete lakale lopyapyala, mukalichapa, ndi nsalu yabwino ya pakati. Chenjezo limodzi lokha: zovala za malemu musazidule musanafunse akuluakulu a pabanja. Safunsa anadya phula.

Tsopano za chaka chatsopano. Ndikudziwa zimene mudzalembe. Zofunda zisanu. Kugulitsa kumsika. Kuphunzira kasokedwe kalikonse kamene mwaona pa foni. Lekani. Pa foni amakuonetsani chofunda chikutha m'mphindi imodzi, sakuonetsani miyezi imene inadutsa, sakuonetsani misoko imene anaisomola. Musapikisane ndi zithunzi.

Choyamba tsegulani katoni yanu. Tulutsani zonse zimene munayamba osamaliza, muziyale poyera, muziyang'ane. Zina mudzaona kuti simudzazimalizanso. Zimenezo patsani ena, kapena muzidule zikhale mapilokesi, musazisunge kuti zizikutsutsani. Sankhani chimodzi, chimodzi chokha, ndipo muchimalize msanga. Musagule nsalu ina mpaka chitatha.

Kenako ikani cholinga chimene manja angachigwire. Musalembe kuti ndidzasoka chofunda. Lembani kuti zigawo ziwiri sabata iliyonse. Zigawo 80 zija, pa ziwiri pa sabata, zidzatha m'masabata 40. Mukayamba mu Malichi mudzapanikizika, mukayamba mu Januwale mudzamaliza kumayambiriro kwa Okutobala, n'kukhala ndi miyezi iwiri yolumikiza, yosoka zitatu zija pamodzi ndi yopendera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Masabata ena adzakulandani, a maliro, a matenda, a kukolola, a mayeso. Musataye mtima ndipo musalipire ngongoleyo posoka usiku wonse. Ingoyambirani pamene munalekera. Maso anga lero safuna kulowetsa ulusi pasingano, ndimaitana mdzukulu, ndipo ndikudziwa kumene ndinawawonongera. Sokani masana, pakhonde kapena pafupi ndi zenera. Imirirani pafupipafupi muwongole msana.

Pa chaka chonse sankhani luso limodzi loti muliphunzire mpaka lilowe m'zala. Kaya ndi kukumanitsa ngodya, kaya ndi mpendero wosapindika, kaya ndi msoko wamanja wofanana. Limodzi. Pitani kwa amene amalidziwa, mukhale pansi, muonerere, mulole kudzudzulidwa. Akakuuzani kuti somolani, somolani. Makina anu, kaya ndi Singer wa agogo kaya ndi Butterfly wopalasa ndi phazi, muwachotse fumbi la nsalu pansi pa bobini, muwathire mafuta, muwaphimbe nthawi ya mvula ino kuti asachite dzimbiri. Singano yobuntha isintheni, imadumpha misoko ndi kubaya nsalu.

Ndipo musasoke nokha chaka chonse. Pezani anzanu awiri kapena atatu, muzikumana Loweruka limodzi pamwezi, aliyense ndi zigawo zake m'manja. Amene wabwera opanda kanthu anene chifukwa chake. Muitanenso mwana wamng'ono, wamkazi kapena wamwamuna, mumupatse singano ndi tizigamba tinayi. Cholinga chanu mulembe papepala, mumate pakhoma pafupi ndi makina, pamwamba pake dzina la munthu amene adzafunde chofundacho ndi mwezi umene mudzamupatse. Munthuyo musamuuze kanthu mpaka mutayamba mpendero.