Phunziro 14: Mmene mudzi wa Culross unkapangira mchere

Culross ndi mudzi waung'ono wa m'dera la Fife ku Scotland. Uli m'mphepete mwa Firth of Forth, pomwe mtsinje wa Forth umakumana ndi madzi amchere a m'nyanja. Kumtunda kwa mudziwu kuli minda, ndipo pansi pa nthaka panali malasha. Minda, malasha ndi nyanja zinkadalirana.

Alimi ankafuniranji mchere?

Alimi ankalima balere ndi oats, komanso ankaweta ng'ombe. Chisanu chikafika msipu unkasowa. Choncho mwezi wa Novembala ankapha ng'ombe zina, nyama yake n'kuithira mchere kuti isaole. Asodzi nawo ankasunga nsomba mwa njira yomweyo.

Kaphikidwe ka mchere

Dzuwa la ku Scotland n'lofooka, silingaumitse madzi a m'nyanja. Mcherewo ankachita kuphika. Ankatunga madzi n'kuwathira m'ziwaya zikuluzikulu zachitsulo. Pansi pake ankasonkha moto wa malasha onyenyeka, amene pamsika analibe mtengo. Madzi akatentha ankathiramo magazi a ng'ombe. Magaziwo ankakola zinyalala n'kuyandama nazo ngati thovu, ndipo thovulo ankaliyengula. Madzi akaphwera, mchere woyera unkatsala m'chiwaya. Kuti papezeke tani imodzi ya mchere, pankapsa matani angapo a malasha. N'chifukwa chake ntchitoyi inkapindulitsa pokhapokha mgodi ukakhala pafupi ndi gombe.

Mgodi wa pansi pa nyanja

Amene anayamba kukumba malasha ku Culross ndi amonke, omwe nyumba yawo inakhazikitsidwa mu 1217. Mu 1575 mgodi unapita m'manja mwa George Bruce. Iye anatsatira malasha mpaka pansi pa nyanja. Kenako anamanga khoma lamiyala lozungulira pakati pa madzi, n'kuboolamo khomo lachiwiri la mgodi. Zombo zinkapakira malasha pomwepo. Madzi odontha mumgodi ankawakapa ndi ndowa zomangirira patcheni, mahatchi akuzungulitsa gudumu. Mfumu James VI inadzaona mgodiwu mu 1617.

Malonda

Zombo zinkanyamula malasha ndi mchere kupita ku Netherlands, n'kubwerako ndi matailosi ofiira ofolerera nyumba. Osula zitsulo a m'mudzimo ankapanganso ziwaya zophikira mikate ya oats, ndipo mfumu inalamula kuti ntchitoyi ikhale yawo okha.

Mu 1625 namondwe anawononga mgodi uja. Patapita zaka, fakitale ya Carron inayamba kupanga ziwaya zotchipa, malonda a Culross n'kulowa pansi. Poti ndalama zomangira nyumba zatsopano zinasowa, zakale sizinagwetsedwe. Kuyambira mu 1932 bungwe la National Trust for Scotland lakhala likuzisamalira.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani alimi ankapha ng'ombe mu Novembala?
2. Fotokozani kaphikidwe ka mchere mwandondomeko.
3. Madzi ankawatulutsa bwanji mumgodi?
4. Kambiranani: mudzi ukadalira malonda a chinthu chimodzi kapena ziwiri zokha, ungakumane ndi mavuto otani?