Pakhonde pa Azakhali: Andiika m'dengu limodzi ndi wophika kachasu

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, wapabanja, wa ana atatu, ndipo ndili m'Chigwirizano kumpingo kwathu. Chibadwire sindinalawepo mowa. Mwamuna ndikudziwa mmodzi yekha, bambo a ana angawa, ndipo ukwati wathu tinadalitsa kutchalitchi. Chakhumi ndimapereka mwezi ndi mwezi, kumaliro sindijomba, odwala ndimakawazonda.

Sabata yathayi kunagwa maliro m'dera lathu. Abusa polalikira anati tonse amene tinali pamenepo ndife ochimwa, palibe woposa mnzake, ndipo popanda Yesu tonse ndife otayika. Azakhali, pamkeka pamene ndinakhala panalinso mayi wina woyandikana naye nyumba, wophika kachasu, amene ana ake anayi aliyense ali ndi bambo wake (ndi mmene anthu amakambira, ine ndangomva). Atamva mawu amenewo anandicheukira n'kumwetulira. Mtima unandiwawa, nsima ya pamaliropo sindinadye.

Kodi n'chilungamo kuti ine, ndi kudzisunga konseku, andiike m'dengu limodzi ndi munthu wotere? Ngati zili choncho, ndinavutikiranji? Mnzanga wina akuti ndizipita kwa mneneri wawo, kumene satchulatchula za machimo, amangolalikira madalitso. Ndithandizeni.

Wokhumudwa,
Kawale, Lilongwe

Mwana wanga Wokhumudwa,

Nditangoyamba kuwerenga kalata yakoyi ndimayesa ukufunsira ntchito kumwamba, ndiye walakwitsa adiresi n'kunditumizira ine. Zokuyenereza zonse zilipo: mowa ayi, zibwenzi ayi, chakhumi eya. Changosowa ndi chithunzi chako ndi mayina a anthu okuchitira umboni.

Ndisanayambe kukutsina, ndikuombere m'manja kaye. Kudzisunga n'kwabwino, ndipo usandimve molakwa n'kupita kukagula botolo kuti ufanane ndi anzako. Banja lako lili pamtendere, ana ako sagona ndi njala chifukwa cha mowa, matenda ena akulambalala pakhomo pako. Phindu la kudzisunga ndi limenelo, ndipo ukulidya kale. Ndiye funso lakuti unavutikiranji lisakusowetse tulo.

Tsopano sendera kuno. Ana a mayi wa kachasu uja wawawerenga. Abambo awo wawawerenganso. Nkhani imene wavomera wekha kuti wangomva, waitenga n'kuitumiza kwa Azakhali kuti dziko lonse liwerenge. Kwathu zimenezi timati miseche, mwanawe, ndipo miseche siisintha dzina ikavala bulauzi yoyera. Pamaliro, mtembo uli pomwepo, anamfedwa akulira, iwe mtima uli pa kumwetulira kwa mnzako. Kalata yofuna kutsimikiza kuti ulibe tchimo yabwera itasenza miseche, kunyada ndi kunyoza mnzako, zonse m'ndime zitatu zokha. Akuluakulu anati anyani sasekana zikundu.

Vuto lako lagona pa mmene ukuwerengera tchimo. Iwe tchimo ukuliona ngati mndandanda wa zinthu zinayi kapena zisanu zimene anthu ena amachita: kuledzera, chiwerewere, kuba, ufiti. Ukaona kuti dzina lako palibe, basi wakhoza mayeso. Chikhristu sichiphunzitsa choncho. Tsegula Marko mutu 7, pamene Yesu akutchula zoipa zotuluka mumtima wa munthu. Dama ndi kuba zilipo ndithu, koma pamzere womwewo waikaponso kaduka, mwano ndi kudzikuza. Pita pa Mateyu mutu 5, ukapeza kuti wopsera mtima m'bale wake n'kumunyoza akuyankha mlandu limodzi ndi wakupha. Ndipo atamufunsa za lamulo lalikulu kuposa onse, Yesu anatchula kukonda Mulungu ndi moyo wako wonse, ndi kukonda mnzako monga umadzikondera wekha. Mnzakoyo, mwana wanga, ndi mayi wa kachasu uja. Ndiuze, mayeso amenewo wapeza malikisi angati?

Thumba la chimanga limene lalowa anankafumbwe limaoneka bwinobwino kunja, losokedwa bwino, laukhondo. Ukapisamo dzanja ndi pamene umatulutsa fumbi lokhalokha. Ndipo mlimi aliyense akudziwa kuti kachilomboka nthawi zambiri kamachokera kumunda komwe, kali kale m'kati mwa njere, chimanga chisanalowe m'nyumba. Ndi zimene mpingo umatanthauza ukamanena za tchimo lobadwa nalo. Sitikhala ochimwa tsiku limene tagwidwa. Timabadwa mtima utapendekera kale kwa ife eni, kufuna zathu zokha, kufuna kukhala pamwamba. Uli ndi ana atatu. Ndani anawaphunzitsa kukana kuti sananyambite shuga, shugayo ali mbuu kukamwa? Paulo, m'kalata yake kwa Aroma mutu 5, akuti vutoli linalowa m'dziko kudzera mwa Adamu ndipo linafalikira kwa tonse. M'mutu 3 waika Ayuda odziwa malamulo ndi akunja osadziwa malamulo pansi pa mlandu umodzi. Abusa ako sanapeke okha zimene analalikirazo. Ngati ukufuna wokangana naye, ndi Pauloyo.

Usadandaule, si iwe woyamba kukwiya nacho chiphunzitso chimenechi. Cha m'ma 400 ku Roma kunali mphunzitsi wina wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius, munthu wodziletsa kwambiri, mwina kukuposa. Iye ankanyansidwa ndi Akhristu a moyo wotayirira, ndipo ankaphunzitsa kuti munthu akangolimbikira angathe kusunga malamulo a Mulungu ndi mphamvu za chifuniro chake, tchimo la Adamu silinamuwononge. Amene anamutsutsa kwambiri ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero kuli dziko la Algeria. Augustine ankaudziwa mtima wa munthu poyambira pa wake womwe. Analemba kuti ali ndi zaka 16 iye ndi anzake anakaba zipatso mumtengo wa mwini usiku, osati chifukwa cha njala, pakuti kwawo kunali zipatso zabwino kuposa zimenezo. Zambiri anakaponyera nkhumba. Chinawakomera n'kulakwako basi. Mu 418 mabishopu anasonkhana ku Carthage n'kugamula kuti Pelagius walakwitsa, munthu sangadzikonze yekha popanda chisomo cha Mulungu. Ndiye maganizo akowa ali ndi mwini wake, ndipo mlandu wake unaweruzidwa kalekale, pa nthaka ya Africa yomwe ino.

Komanso ndikudabwa nawe. Wa Chigwirizano iwe, kalasi unaphunzira. Katekisimu wa Heidelberg, amene analembedwa ku Germany mu 1563 ndipo amamutsatira mipingo ya Reformed, kumene kunachokera amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889, ali ndi magawo atatu. Loyamba, kudziwa kukula kwa tchimo lako ndi tsoka lako. Lachiwiri, kudziwa mmene wapulumutsidwira. Lachitatu, kuthokoza Mulungu ndi moyo wako. Ona pamene pali ntchito zabwino: kumapeto, pa kuthokoza. Iwe wazinyamula n'kukaziika koyambirira, ngati ndalama yolipira pakhomo. Tsiku limene ankaphunzitsa zimenezi unali kuti, kapena unali kalikiliki kuwerenga ana a anthu?

Yesu ananenapo fanizo limene likukukwana ngati anachita kukuyeza. Lili pa Luka mutu 18. Anthu awiri anapita ku Kachisi kukapemphera. Woyamba anali Mfarisi, ndipo usamunyoze, anali munthu wolongosoka: ankasala kudya kawiri pa sabata, chakhumi ankapereka pa chilichonse. Pemphero lake linali lofanana ndi kalata yakoyi, mpaka kuloza mnzake amene anaima chapatali. Mnzakeyo anali wamsonkho, mmodzi wa anthu amene ankatolera ndalama za atsamunda achiroma n'kumadyerapo, odedwa ndi mtundu wonse. Iyeyo sanayerekeze n'komwe kukweza maso, anangodziguguda pachifuwa kupempha chifundo. Yesu akuti amene anabwerera kwawo ali wolungama pamaso pa Mulungu ndi wamsonkhoyo. Mfarisi sananame ayi, zonse ananenazo anazichitadi. Koma sanapemphe kanthu, ndiye sanalandire kanthu. Anangopita kukamuuza Mulungu kuti ali ndi mwayi kukhala ndi munthu ngati iye.

Apa ndi pamene pali nkhani yabwino, imene mkwiyo unakutseka makutu kuti usaimve pamaliro paja. Chikhristu chimati ngongole imene sitingathe kubweza anaisenza Khristu pamtanda, ndipo chipulumutso chimabwera mwa chisomo, kudzera m'chikhulupiriro, monga mphatso. Werenga Aefeso mutu 2, ukapeza chifukwa chake: kuti pasapezeke wodzitama. Mipingo imasiyana pofotokoza njira yake. Akatolika amatsindika ubatizo umene umachotsa tchimo lobadwa nalo, ndi sakramenti la kulapa kwa amene wagwanso. A Pentekoste amakuitanira kutsogolo kuti ubadwenso mwatsopano. Kwanuko amatsindika chisomo ndi chikhulupiriro. Koma pa mfundo yakuti palibe munthu wodzipulumutsa yekha, onsewa amaimba nyimbo imodzi. Ndipo ukaiganizira bwino, mfundoyi ndi yopepuza mtolo. Munthu amene akudalira mbiri yake yabwino amakhala ndi mantha masiku onse, kuopa kuti tsiku lina adzaterereka anthu n'kumuona. Ndi chifukwa chake kumwetulira kwa mayi mmodzi kunakulanda njala.

Tsono pali ena akuwerenga pano akusekerera, makamaka azibambo aja amati akagwidwa ndi mauthenga achilendo mufoni amayamba kulalikira kuti tonse ndife ochimwa, thupi ndi lofooka, Satana anandinyenga. Inu khalani chete, sindikukuikirani kumbuyo. Kukankhira ena mlandu kunayamba m'munda wa Edeni, Adamu kuloza mkazi, mkazi kuloza njoka, ndipo palibe anapulumukirapo. Paulo yemweyo, pa Aroma mutu 6, anakana kwamtuwagalu maganizo akuti tizichimwabe kuti chisomo chichuluke. Wolapa weniweni amaoneka ngati Zakeyu wa ku Yeriko, amene Yesu atalowa m'nyumba mwake analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamubera. Kulapa kosabweza mbuzi ya mwini ndi sewero chabe. Machimo sapweteka mofanana, zimenezo n'zoona: kachasu amapha chiwindi ndi mabanja, ndipo mayi uja akufunikadi kusintha. Kungoti mankhwala amene akufunika iye ndi omwewo ukufunika iwe.

Za mneneri wa mnzako wina uja, pita ngati ukufuna kukasisitidwa. Koma dokotala amene amauza aliyense kuti ali bwinobwino, odwala ake amathera kumanda. Yesu mwini anati anadzera odwala, osati olimba. Ndipo uchenjere ndi malo amene tchimo salitchula koma envulopu amaitchula katatu pa mapemphero amodzi, kumene madzi, mafuta ndi zomata pagalimoto zili ndi mitengo yake. Malonda amenewa ndi akale. Pa Machitidwe mutu 8, Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamudzudzula koopsa. Mu 1517 Martin Luther anautsa mkangano waukulu ku Germany chifukwa cha zikalata zimene anthu ankagula poganiza kuti zichotsa chilango cha machimo. Chimene chinaperekedwa ulere, wina akayamba kukugulitsa, gwira chikwama chako.

Tsono uchite izi. Mayi uja umamudziwa ndi mbiri ya pachitsime yokha. Sukudziwa kuti anayamba bwanji kuphika kachasu, kaya ndi fizi ya ana, kaya ndi bambo amene anathawa n'kumusiyira lendi. Iwe unakulira m'manja mwa makolo okutengera ku Sande sukulu, unapeza mwamuna wokhazikika. Zimenezo unazigula kuti? Nazonso ndi chisomo. Pita ukamuchezere, osati ndi Baibulo m'khwapa ndi nkhope ya woweruza milandu, koma ndi kambale ka ndiwo. Ukhale pansi, umufunse za ana ake, mayina awo, osati za abambo awo. Kumwetulira kuja mwina sikunali kukuseka. Mwina linali tsiku loyamba kumva kuti pamaso pa Mulungu iye ndi mayi wa Chigwirizano akhoza kulowera khomo limodzi, ndipo anasangalala.

Kenako usiku, ana akagona, ugwade upemphere pemphero lopanda dzina la munthu wina aliyense. Osatchula apongozi, osatchula oyandikana nawo, osatchula amayi anzako a kumpingo amene amavala mochititsa manyazi. Utchule zako zokha, chimodzichimodzi, ndi mayina ake enieni: miseche uitche miseche, osati kudandaulira mnzako, kunyada ukutche kunyada, osati kudzilemekeza. Ukakwanitsa mphindi zisanu osapatukira kwa aneba, undilembere, ndidzakutumizira chitenje. Ndipo ulendo wina kumaliro uzidya nsima, anthu anasonkha ufa umenewo movutikira.

Ndine,
Azakhali ako