Musathamangire Kuyankha: Zomwe Ndaphunzira kwa Achemwali Anga

Anzanga, ambiri a ife tikafunsidwa za tsogolo timati tidzagwira ntchito ku banki, kaya ku National Bank, NBS kapena FDH. Ena amalota za ku Reserve Bank kwenikweniko. Koma musanakhale pa kauntala paja pali intaviyu, ndipo poti n'za ndalama, mafunso ake amakhala ndi misampha.

Chaka chatha achemwali anga anaitanidwa ku bungwe lina lobwereketsa ndalama ku boma, lomwe linkafuna kashiya. Amayi anagulitsa ndowa ziwiri za mtedza kuti papezeke ya thiransipoti. Achemwaliwo masamu amawatha, MSCE anakhoza bwino, koma ntchito sanaipeze. Atabwerako anandiuza zomwe zinawagwetsa.

Funso lina linali lakuti: "Mtengo wa katundu unali K1,000. Wakwera ndi 50 peresenti, kenako watsika ndi 50 peresenti. Tsopano uli pa zingati?" Iwo osapuma n'komwe anangoti, "Ubwerera pa K1,000." Ayi ndithu! Ukakwera ufika pa K1,500, ndipo theka la K1,500 ndi K750. Masamu a Fomu 1 enieni, koma pakamwa panatsogola, mutu n'kutsalira.

Kenako anawafunsa kuti: "Poweruka mwapeza kuti m'kabati mwasowa K5,000, mutani?" Pofuna kuoneka okhulupirika anati, "Ndiikapo yanga ya m'thumba." Ali m'minibasi pobwerera m'pamene anazindikira kuti kumeneko n'kubisa vuto. Kashiya amayenera kuwerenganso ndalamazo, kuonanso malisiti onse a tsikulo, n'kukauza bwana wake kuti zilembedwe.

Ndiye tizitani tikafunsidwa? Nazi mfundo zinayi zomwe takhala tikuyeserera kunyumba.

1. Mvetserani funso mpaka lithe. Osayamba kukonza yankho wofunsayo akadali pakati.

2. Pumani kaye. Werengani chamumtima mpaka 5. Kwa inu zioneka ngati chaka, koma kwa ofunsawo n'kanthawi kochepa. Mutha kunena mwaulemu kuti, "Ndiloleni ndiganize pang'ono."

3. Funsani pomwe sipakumveka. Paja safunsa anadya phula. Tiyerekeze akuti munthu wabwereka K100,000 pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi, kwa miyezi itatu. Funsani: chiwongoladzanjacho chikuwerengedwa pa ndalama yoyamba yokha, kapena nachonso chikubereka? Njira yoyamba abweza K115,000. Yachiwiri mwezi woyamba ngongole ifika K105,000, wachiwiri K110,250, wachitatu K115,762.50. Mayankho awiri osiyana, funso limodzi.

4. Yankhani mofotokoza njira yomwe mwadutsa. Ngati pali pepala, pemphani mulembepo. Ngakhale muphonye nambala yomaliza, aona kuti mutu ukuyenda bwino.

Mwina wina akuti, "Nanga ndikakhala chete sadzati sindikudziwa?" Inenso ndinkaganiza choncho. Koma taganizani za banki m'khonde ya m'mudzi mwanu. Kodi amayi aja amapatsa bokosi munthu wopupuluma, kapena amene amawerenga ndalama kawiri asanalembe m'kope? Ogwira ndalama za eni amafunika odekha, chifukwa ziro mmodzi wowonjezera amasandutsa K10,000 kukhala K100,000. Chomwe sichifunika n'kukhala duu mpaka kalekale, maso ali kudenga.

Izi musadikire intaviyu kuti muziyambe. Ife a Fomu 2 JCE ili pakhomo, ndipo matenda ake ndi omwewa: kuona funso n'kuyamba kulemba usanaliwerenge lonse. M'kalasi namonso timakonda kukuwa "Ine sala! Ine sala!" dzanja lili m'mwamba, yankho tilibe. Sabata ino tayesani: aphunzitsi akakulozani, pumani kaye, kenako yankhani.

Achemwali anga aitanidwanso kwina mwezi wamawa. Madzulo aliwonse tikatha kudya ndimakhala bwana, iwo n'kumayankha, ndipo akathamanga ndimagogoda pa tebulo. Mtedza wina wogulitsa kunyumba kulibe, ndiye ulendo uno kuthamanga sikufika.

Wolemba: mnzanu wa mu Fomu 2