Chakudya cha Mbewu Chikalowa M'madzi: Phunziro la Nyanja ya Chivero

Nyanja ya Chivero, yomwe kale inkatchedwa McIlwaine, inapangidwa m'chaka cha 1952 potseka mtsinje wa Manyame m'dziko la Zimbabwe. Mzinda wa Harare umamwa madzi a m'nyanjayi, komatu mzindawo uli kumtunda kwake. Motero zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale, pamodzi ndi dothi lokokoloka m'minda, zimatsika ndi mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi Manyame n'kukathera m'madzi omwewo amene anthu amamwa.

Zonyansazi zimanyamula nayitrojeni ndi fosiforasi, michere imene mlimi amagula m'thumba la feteleza. M'munda michereyi imakulitsa chimanga. M'nyanja imakulitsa ndere ndi namasupuni. Zomerazi zikachuluka zimaphimba madzi, ndipo zikafa zimamira ndi kuwola. Tizilombo toziwoletsa timatha mpweya wa okosijeni, mwakuti nsomba zimabanika. Nsomba zambiri zinafa m'nyanjayi m'chaka cha 1996. Mitundu ina ya ndere zobiriwira modera imatulutsanso poizoni, ndipo mu Disembala 2024 akuluakulu oyang'anira nyama zakutchire analengeza kuti zipembere zinayi, mbidzi ndi nkhwazi zinafa chifukwa cha madzi otere. Nakonso kuyeretsa madzi a ndere kuti anthu amwe kumalira mankhwala ochuluka ndi ndalama zambiri.

Komabe mbiri ya Chivero ili ndi phunziro lolimbikitsa. Nyanjayi itayamba kuwonongeka m'zaka za m'ma 1960, madzi otuluka m'malo oyeretsera zonyansa anapatutsidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti azithirira msipu wa ng'ombe m'malo mothiridwa mumtsinje. Udzu unadya michere ija, fosiforasi anachepa m'nyanja, ndipo madzi anayamba kuyera. Vutoli linabwereranso pamene anthu anachuluka ku Harare ndi ku Chitungwiza kuposa mphamvu ya malo oyeretserawo.

Zimenezi zikuonetsa kuti malo oyenera a michere ndi m'nthaka. Ngakhale gwero lalikulu la vuto la Chivero ndi zonyansa za mumzinda, mlimi aliyense wolima kumtunda kwa damu ali ndi mbali yake. Ayenera kuthira feteleza pamlingo woyenera ndi kumukwirira, osati kumuwaza pamene mvula yamphamvu ili pafupi kugwa. Mizere itsate akalozera, ndipo udzu wa vetiva ubzalidwe kuti ugwire dothi, pakuti fosiforasi amayenda atamatirira ku dothi lokokolokalo. Makola a ziweto ndi milu ya manyowa zikhale kutali ndi madzi. Ku Zimbabwe lamulo limaletsa kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera kumtsinje, chifukwa udzu ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndizo zimasefa madzi othamanga.

Alangizi a zaulimi akumbutse alimi kuti feteleza wokokoloka ndi ndalama yotayika kawiri: mbewu sizimudya, ndipo anthu akumunsi amalipira kuti amuchotse m'madzi akumwa.