Phunziro: Kuphunzitsa galu kumvera popanda ndodo

Ku Britain kuli masewera a agalu otchedwa agility, amene anaonetsedwa mu 1978 pa chionetsero cha Crufts ku London. Galu amalumpha mipiringidzo, kudutsa m'paipi yaikulu ndi kukhotakhota pakati pa timitengo 12 tozikidwa pamzere. Mwini wake saloledwa kumugwira. Amamutsogolera ndi mawu, dzanja ndi kumene walozetsa thupi lake.

Njira yawoyi ingatithandize ife amene timafuna galu wopirikitsa anyani kumunda koma wosagwira nkhuku za eni. Akachita bwino, mupatseni kausipa nthawi yomweyo. Mukachedwa, sadziwa chimene mwamuyamikira. Lamulo lililonse likhale liwu limodzi losasinthasintha, ndipo ana pakhomo alidziwenso. Mphindi zisanu zakwana, kenako apume. Ndodo imangomuphunzitsa kukuthawani, ndipo galu wotero adzakuvutani kumugwira tsiku la katemera wa chiwewe.

Kagalu musakalumphitse zinthu zazitali mafupa asanakhwime. Ku Britain galu salowa mpikisano asanakwane miyezi 18.

Sabata ino yesani liwu loti "bwera" lokha, galu asanadye. Tikakumananso mudzatiuze kuti anayamba kumvera tsiku lachingati.