Phunziro: Khomo lolowera kachilombo

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, ndalama zimafika pa Kasiya, pa Nsaru ndi pa Kabudula. Mabala amadzaza, zipinda zogona alendo nazonso zimadzaza. Nyengo imeneyi amayi oyendayenda amapeza makasitomala ambiri. Amayiwa ndi abale athu. Ambiri akusaka ya ufa ndi fizi ya ana. Koma kafukufuku wa mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa amayi oyendayenda amene anayezedwa m'Malawi muno, pafupifupi theka anali ndi kachilombo ka HIV. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa bwino momwe kachilomboka kamalowera.

HIV imakhala m'magazi, mu umuna, m'chikazi ndi mu mkaka wa m'mawere. Siidutsa pa khungu lamphumphu. Imafuna polowera. Khungu la m'kati mwa njira ya abambo ndi lofewa ngati la m'kamwa, silichedwa kung'ambika. Mayi akagona ndi amuna angapo usiku umodzi, kapena akaikako zitsamba zoumitsa, pamachita timing'alu tosaoneka ndi maso. Timing'alu timeneti ndi khomo.

Matenda ena opatsirana pogonana amalikuza khomolo. Chindoko chimayamba ndi kachilonda kosapweteka. Kachilondako kamapola kokha, koma matenda amatsalira m'magazi. Mabomu amabweretsa zilonda zowawa. Chinzonono ndi mauka zimatupitsa m'kati. Pamene patupa, thupi limatumizapo asilikali ake oteteza kumatenda. Apa ndiye pali tsoka, chifukwa asilikali omwewo ndi amene HIV imawasaka kuti iswane m'kati mwawo. Chinzonono mwa amayi ambiri sichionetsa chizindikiro chilichonse, choncho mayi woyendayenda azikapimitsa pafupipafupi ngakhale akumva bwino. Makapusozi ogula pa benchi sachiza zonsezi. Mankhwala oyenera ali kuchipatala, monga ku Kabudula, ku Nambuma kapena ku St Gabriel ku Namitete, ndipo bwenzi lokhazikika nalo lilandire.

Kondomu imatseka khomo. Umuna umatsalira m'kati mwake, sukhudza khungu. Ivalidwe musanayambe, imodzi yokha. Mukavala ziwiri zimakhuzana n'kuphulika. Vaselini ndi mafuta ophikira zimaononga mpira wa kondomu. Odalirika ndi mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi. Ilipo ndi kondomu ya amayi, imene mayi amavala yekha nthawi ikadalipo.

Nanga kasitomala akati switi sadyera m'pepala, n'kuonjezera ndalama? Izi zimachitika, ndipo njala ikakhala kunyumba kukana n'kovuta. Apa ndi pamene PrEP imathandiza. PrEP ndi mankhwala a munthu amene alibe kachilombo. Amayamba wayezetsa magazi, kenako amamwa piritsi limodzi tsiku lililonse. Mankhwalawa amakhala m'thupi kudikirira. Kachilombo kakalowa, kamalephera kuswana, ndipo sikakhazikika. Mayi amafunika kumwa masiku 7 otsatizana kuti chitetezo chikwane. Akamadumphitsa masiku, mankhwala amachepa m'thupi. Kuyambira mu 2024, zipatala zina za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinayamba kupereka PrEP ya jakisoni wobaya miyezi iwiri iliyonse. Koma tisaiwale: PrEP siiteteza ku chindoko, chinzonono kapena mimba.

Mayi amene ali nako kale kachilombo asataye mtima. Akamamwa ma ARV mosadumphitsa, tizilombo timachepa mpaka osaoneka poyeza, ndipo sapatsira mnzake pogonana.

Kondomu ikaphulika, kapena mayi akagwiriridwa, asadikire tsiku la msika. Athamangire kuchipatala akapemphe PEP, mankhwala oletsa kachilombo kukhazikika ngati kalowa kale, maola 72 asanathe. Amamwa masiku 28.

Tikambirane: kodi chilonda cha chindoko chimathandiza bwanji HIV kulowa m'thupi? Nanga PrEP ikusiyana pati ndi PEP?